Magomero: mudzi umene unatha anthu nkudzalanso

Pa milandu ya minda m'midzi ya m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi, kumene maboma a Chiradzulu ndi Zomba anachitira malire, pali mawu amodzi amene akangotuluka pakamwa pa munthu bwalo lonse limati zii. Mawuwo ndi akuti "obwera". Kawirikawiri olimbanawo sakhala alendo ayi. Amakhala amayi awiri amene agogo awo anayamwa bere limodzi, ndipo chimene akukanganirana ndi mizere itatu kapena inayi ya chimanga, wina akuti mnzakeyo wakhala akudya malire chaka ndi chaka pogalauza. Nkhani ikafika pothina, mmodzi amatambasula dzanja nkunena kuti: "Inu kwanu si kuno. Amayi anu malo ano anachita kupempha." Mawu amenewa amawawa kuposa mbama, chifukwa kuno munthu wopanda kwawo alibe munda, ndipo sadziwa ngakhale manda amene adzagonemo.

Dera limeneli ndi la Magomero. Ambiri dzinali timalidziwa chifukwa cha John Chilembwe ndi zimene zinachitika kumeneko mu 1915, koma Magomero ali ndi mbiri inanso imene sitiikamba kawirikawiri, ya kuchepa ndi kuchuluka kwa anthu ake. Ndi amodzi mwa malo owerengeka m'dziko muno amene munthu angalondole anthu ake kwa zaka zoposa 160. Amishoni ankalemba zimene ankaona tsiku ndi tsiku, boma la atsamunda linachititsa kafukufuku itatha nkhondo ya Chilembwe, ndipo mu 1987 Landeg White anatulutsa buku la mbiri ya mudziwu atacheza ndi akuluakulu a kumeneko. Mukaziika pamodzi zonsezi mumaona kuti dera lodzaza tho limeneli linakhalapo bwinja, ndipo pafupifupi aliyense amene akulimamo lero ali ndi kholo limene linafika litasenza mtolo pamutu.

Pamene David Livingstone ankadutsa m'mapiri a Shire mu 1859, anapeza midzi ya Amang'anja yotchingidwa ndi mipanda ya nkhadze. Anthu ankalima mapira, chimanga, nyemba ndi thonje. Amuna ankawomba nsalu ndi kusungunula chitsulo m'ng'anjo, ndipo makasu awo ankafika kutali. Midzi yake inali ing'onoing'ono. Phata la mudzi linali mbumba, ndiye kuti akazi apachibale ndi ana awo, moyang'aniridwa ndi mlongo wawo, pamodzi ndi akamwini amene anadzakwatira pamenepo. Panalibe wowerenga anthuwa ndi cholembera, koma mfumu iliyonse inkadziwa bwino lomwe kuti ili ndi anthu angati, chifukwa ufumu wake unagona pamenepo. Malo anali mbwee, chosowa chinali manja ogwira khasu. Mlendo akafika kudzapempha pokhala ankamulandira ndi manja awiri, pakuti mudzi ukakula umatha kudziteteza ndi kudzaza nkhokwe. Ngakhale ukapolo wa pakhomo, umene unalipo pakati pa Amang'anja eni akewo, inali njira yoipa yofunira chinthu chomwecho: anthu, makamaka akazi obereka.

M'zaka zomwezo magulu a Ayao anayamba kutsikira m'derali kuchokera kum'mawa kwa nyanja, nawonso atathamangitsidwa ndi njala ndi nkhondo kwawo. Ena anafika mwamtendere nalandiridwa. Ena anafika ndi mfuti, ndipo amalonda ochokera ku Tete anali okonzeka kugula aliyense wogwidwa. Pa 16 July 1861, Livingstone ndi gulu la amishoni a Universities' Mission, lotsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie, anakumana ndi mdipiti wa akapolo pamudzi wa Mbame. Oyendetsa akapolowo anathawira m'tchire, magoli anadulidwa, ndipo omasulidwa anakwana 84, ambiri mwa iwo akazi ndi ana. Anthu amenewa ndiwo anakayamba mudzi wa mishoni ku Magomero.

Mfumu ya Amang'anja, Chigunda, inawapatsa malo pamene mtsinje wa Namadzi umapinda, madzi kuzungulira mbali zitatu, mbali yotsalayo nkuikapo linga. Amishoniwo anakamenyana ndi misasa ya Ayao m'miyezi yotsatira nabwerako ndi anthu ena, mpaka okhala m'lingamo anapitirira 100. Ena mwa "opulumutsidwa kwa Ayao" amenewa anali Ayao ndithu. Mmodzi anali kamnyamata kotchedwa Chuma, amene atakula anadzakhala mmodzi wa otsogolera ulendo wonyamula mtembo wa Livingstone mpaka kunyanja yamchere. Koma malo anawachepera. Anthu ankamwa madzi a mumtsinje womwewo umene zonyansa za mudzi zinkagweramo, ndipo mvula itayamba, kamwazi anayamba kutola ana mmodzimmodzi. Chakudya chinatha. Mackenzie anamwalira ndi malungo pa 31 January 1862 kumene Ruo amathira mu Shire, ndipo mnzake Henry Burrup anamwalira mwezi wotsatira nayikidwa ku Magomero komweko. Mu April chaka chomwecho otsalawo anasamukira kwa Chibisa, kufupi ndi Chikwawa. Mudziwo sunathe ndi chaka chimodzi chomwe.

Zimene zinatsatira ndi zoopsa kuposa zonsezi. Mvula inakanika, ndipo njala ya 1862 ndi 1863 inapeza anthu atathawa kale minda yawo chifukwa cha nkhondo. Livingstone pokwera mtsinje wa Shire kumayambiriro kwa 1863 ankakumana ndi mitembo ikuyandama pamadzi, ndipo midzi imene anaisiya ili piringupiringu zaka zinayi zapitazo inali itasanduka mabwinja. Amang'anja opulumuka anathawira kuchigwa, ena kukadzipereka kwa Amakololo amene Livingstone anawasiya kumeneko. Otsala kumtunda anagonjera mafumu a Ayao: Mpama ku Chiradzulu, Malemia ku Zomba, Kawinga ku Chikala. Akazi a Chimang'anja anakwatiwa m'midzi ya Ayao, ana nkumakula ndi zilankhulo ziwiri. Poopa kugwidwa, anthu anamanga m'mapiri ndi m'matherezi, ndipo Angoni a kwa Chikuse atawoloka Shire mu 1884 anakwezanso ena pamwamba penipeni. Chidikha chachonde cha pakati pa Chiradzulu ndi nyanja ya Chilwa chinamera thengo, nyama nkubwereramo.

Thengo limeneli ndilo azungu anadzalipeza nanena kuti ndi dziko lopanda mwini. Alexander Low Bruce wa ku Edinburgh, amene anakwatira Agnes mwana wa Livingstone, anapeza malo oposa maekala 160,000 m'derali, nawatcha dzina la mishoni yakale ija. Iye anamwalira mu 1893 asanawapondepo, ndipo woyang'anira amene anatumizidwa chaka chomwecho anali William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutchula kuti Listonia. Zikalata za umwini wa malo zimene Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, ankapereka zinali ndi mawu oteteza midzi imene inalipo kale kuti isasunthidwe ndiponso isalipitsidwe lendi. Ku Magomero midzi yotereyi inali yochepa kwambiri. Esiteti inali ndi vuto lomwe lija la mafumu a Amang'anja, malo ambiri koma manja palibe. Khofi analephera, ndipo thonje limene linalowa m'malo mwake limafuna anthu ochuluka pa nthawi yopalira ndi yokolola.

Manjawo anachokera kum'mawa. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Apwitikizi analimbitsa ulamuliro wawo m'dziko la Alomwe, lozungulira phiri la Namuli. Kunabwera nkhondo zolanga midzi, msonkho, ntchito yokakamiza, ndi kumenyedwa m'manja ndi thabwa loboolaboola mpaka zikhatho kutupa. Pamwamba pa izi panagwa njala cha m'ma 1900. Mabanja athunthu ananyamuka: amayi atabereka ana kumbuyo, miphika ndi mbewu pamutu, agogo akutsata pang'onopang'ono ndi ndodo. Analowera pakati pa phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa. Sanali mtundu umodzi wodzitcha dzina limodzi. Munali Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Akokhola, Ampotola ndi ena, aliyense ndi kalankhulidwe kake, koma owalandira anawaphatikiza onse pa dzina lonyoza la "Anguru". Amene anakapempha malo kwa mafumu a Ayao ndi Anyanja ankakhala ngati antchito a mfumuyo. Pa esiteti ankaloledwa kumanga mudzi wawowawo, mbumba yonse pamodzi, ndipo ichi chinakoka ambiri. Mtengo wake anaudziwa atamanga kale.

Mtengowo unali thangata. Mawuwa ndi athu omwe, ochokera ku kuthangatana, pamene anthu amathandiza mfumu kapena mnansi kulima. Pa esiteti anatanthauza mwezi umodzi wogwira ntchito yolipirira malo amene munthu wamangapo, ndi mwezi wina wolipirira msonkho wa boma. Koma mwezi wake sunali wa kumwamba ayi, unali wa pa tikiti. Tsiku linkalembedwa pokhapokha munthu wamaliza mgwazo umene kapitawo wamudulira, ndipo mgwazo ukakula dala, tsiku limodzi la pa tikiti linkadya masiku awiri. Ku Magomero miyezi iwiri ija inkatha kufika isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo inkagwa m'dzinja, nthawi imene munthu amafunika m'munda mwake. Akazi amasiye ndi osakwatiwa nawonso ankagwira. Malipiro ena ankaperekedwa ngati fodya m'malo mwa ndalama, ndipo chikoti sichinkakhala patali. Obwera sakanatha kudandaula, chifukwa mawu oteteza aja sankawakhudza, ndipo wothamangitsidwa analibe kolowera koma kubwerera kwa Apwitikizi.

Apa ndi pamene kuwerenga anthu ndi cholembera kunayambira m'midzi yathu, ndipo kunayamba moipa. Boma silinkawerenga anthu, linkawerenga nyumba, chifukwa nyumba iliyonse inali msonkho: mashilingi atatu m'zaka za m'ma 1890, kenaka asanu ndi limodzi, ndi kuchotserako theka kwa amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu. Kalembera wa 1901, amene anati m'dziko muli anthu pafupifupi 737,000, anapezeka pochulukitsa nyumba za m'kaundula wa msonkho ndi nambala yongoganizira ya anthu a m'nyumba imodzi. Kwa munthu wa kumudzi, kulembedwa kunatanthauza kulipitsidwa. Amithenga a boma akaoneka pa njira amuna ankazemberera kuthengo, pakuti olephera msonkho ankawotcheredwa nyumba, ndipo nthawi zina akazi awo ankagwidwa chikole mpaka mwamuna atatulukira. Mantha a cholembera amenewa anakhala m'mitima kwa mibadwo.

Chilembwe anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe mu 1900, pafupi ndi malire a esitetiyi, ndipo ambiri amene anadzaza tchalitchi chake anali Alomwe omwewa. Eni Magomero sankalola sukulu kapena tchalitchi pa malo awo, ndipo nyumba zopemphereramo za udzu zimene anthu a Chilembwe anamanga zinawotchedwa. Usiku wa 23 January 1915 Listonia anaphedwa m'nyumba mwake nadulidwa mutu, ndipo azungu ena awiri a pa esitetiyo anaphedwanso. Chilembwe anaomberedwa pa 3 February. Chilango chinagwera midzi: nyumba kuwotchedwa, amuna kunyongedwa ndi kuomberedwa, ena kundende, ena kuthawira kutsidya la malire. Nkhondo yaikulu ya azungu inali ili mkati, ndipo amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga, ena osabwerako. Itangotha, chimfine cha 1918 chinalowa m'midzi.

Chodabwitsa nchakuti anthu sanasiye kubwera. Kalembera wa 1921 anapeza Alomwe pafupifupi 120,000 m'dziko lonse. Mu 1931 anali 235,000, ndipo mu 1945 anayandikira 380,000, pa anthu oposa pang'ono 2 miliyoni. Kubereka kokha sikungachulukitse anthu katatu m'zaka 24. Ambiri anali akuwolokabe. Aliyense wofika ankatumiza uthenga kwa abale, ndipo mudzi umene unayamba ndi akazi apachibale atatu kapena anayi unkakula nkuphukira wina pambali pake. Mu 1943 Lewis Bandawe ndi anzake anayambitsa bungwe loimira Alomwe, ndipo pasanapite nthawi boma linasiya kulemba dzina lonyoza lija m'mabuku ake. Koma manyazi anali atalowa kale. Makolo ambiri anasiya kulankhula Chilomwe kwa ana awo kuti asamasekedwe kusukulu ndi kumsika, ndipo mpake kuti lero m'midzi imeneyi agogo okha ndiwo amachilankhula mosadodoma.

Lamulo la 1928 la anthu okhala pa maesiteti linakhudza mudzi pamtima penipeni. Linalola mwini malo kuthamangitsa gawo limodzi mwa magawo khumi a okhalamo pa zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Mnyamata akakwanitsa zaka 16 ufulu wake wokhala pa esiteti unkatha. Choposa zonse, mwamuna wochokera kunja wofuna kukwatira mtsikana wa pa esiteti sakanamanga nyumba pamenepo popanda chilolezo cha bwana. Kwa Alomwe, Ayao ndi Amang'anja, amene onse amatsata chikamwini, mudzi umakula ndi ana aakazi. Mtsikana akakwatiwa, amayi ake amamudulira munda, mkamwini amamanga nyumba kuseri kwa ya apongozi, ndipo ana obadwawo ndi a pamudzi pomwepo. Kuika chipata pa mkamwini kunali kumanga mudzi m'chiuno. Komabe amayi anapirira. Amuna ankabwera ndi kupita, monga amanenera kuti mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka, koma akazi anakhala pamalo, kulima fodya wa chikopa wogulitsa kwa esiteti pa mtengo umene mwini esiteti wanena, kulera ana, ndi kuika akufa awo m'manda amene anayamba kukula m'mbali mwa mitsinje. Manda amenewa ndiwo anadzakhala chikalata chawo cha malo.

Mvula inadula kumapeto kwa 1948, chimanga chikadali m'mawondo, ndipo njala ya 1949 inagunda kwambiri Blantyre ndi Chiradzulu. Amuna anayenda mitunda kukafuna chakudya ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Mozambique. Ena anabwerako ndi thumba pamutu. Ena anakakwatira komweko, ndipo akazi otsala ndi ana ankakumba mizu ya kuthengo. Boma linati omwalira anali pafupifupi 200, nambala imene ofufuza mbiri amaiona kuti ndi yochepa kwambiri, pakuti okalamba ndi makanda ofera m'midzi sankalembedwa paliponse. Njalayi inaonetsa poyera zimene kafukufuku wa boma wa za malo, wotsogozedwa ndi Sidney Abrahams, anali atanena kale mu 1946, kuti anthu apanikizana pa malo ochepa pamene maekala zikwizikwi a maesiteti ali gone. Cha m'ma 1952 boma linagula maekala pafupifupi 75,000 a Magomero nkukhazikapo anthu. Kunabwera malamulo a malimidwe, a mizere ndi milambala, amene anthu anadana nawo chifukwa cha chindapusa ndi ndende, koma kwa nthawi yoyamba mayi wa Chilomwe anatha kuloza munda nkunena kuti ndi wake popanda tikiti. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Ndimaona kuti pokamba za kuchepa kwa malo ku Chiradzulu timafulumira kuloza mimba za amayi, ngati kuti nkhani yonse ndi kubereka mosalera. Kubereka kulipo ndithu, ndipo ndikufikako. Koma anthuwa anaunjikidwa pano ndi mfuti za Apwitikizi ndi njala ya manja ya maesiteti, anakhala zaka makumi asanu akuloledwa kulima kachigawo kochepa ka nthaka imene ankaipondayo, ndipo malo atagawidwa sanagawidwe onse. Mbali ina inakhalabe m'manja mwa maesiteti, ina inapita ku ntchito za boma. Mudzi unayamba ufulu wake uli wothina kale.

Kuthinako kunatulutsa amuna. Mwana wamwamuna m'chikamwini alibe munda kwa amayi ake woti nkuudalira, ndipo kumene wakwatira ndi mlendo. Ambiri analowera ku Halale ndi ku Joni, ena kudzera kwa Wenela kupita ku migodi, ena kwa Mthandizi kupita ku mapulazi a ku Rhodesia, ena paokha wapansi. Obwerako ankafika ndi njinga, wailesi ndi sutikesi ya zovala; osabwerako ankatchedwa matchona. Ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 nkupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, Dr Banda anaimitsa ulendo wa Wenela, ndipo anthu ambirimbiri anabwerera m'midzi imene inalibe malo owapatsa. Zaka zomwezo maesiteti a fodya ankatsegulidwa ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba, ndipo malole ankabwera kum'mwera kuno kudzatenga matenanti. Zidzukulu za anthu a thangata zinakwera malolewo kukalima fodya pa malo a munthu wina, kudya chimanga cha ngongole, ndi kugulitsa fodyayo pa mtengo umene mwini malo wanena. Zimenezi zimandiwawa mtima kuzilemba.

Kalembera woyamba wa dziko lodziimira palokha, wa 1966, anapeza anthu oposa pang'ono 4 miliyoni. Mu 1977 anali 5.5 miliyoni, mu 1987 pafupifupi 8 miliyoni kuphatikizapo othawa nkhondo ya ku Mozambique, mu 1998 anali 9.9 miliyoni, mu 2008 anali 13 miliyoni, ndipo mu 2018 anafika 17,563,749. Chachulukitsa anthu chotere si kuti amayi anayamba kubereka kuposa agogo awo. Ana ndiwo anasiya kufa monga kale. Mukafunsa gogo wa m'midzi imeneyi kuti ali ndi ana angati, samayankha nambala imodzi. Amayamba wakhala chete, kenaka amati: "Ndinabereka asanu ndi anayi. Otsala ndi anayi, enawo anatsogola." Akapitiriza, amawatchula otsogolawo mmodzimmodzi ndi chimene chinawatenga: uyu chikuku, uyu malungo, uyu anangotupa miyendo chaka cha njala. Mu 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo m'dziko muno, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika 2015 ndi 2016 anali atatsika kufika pa 60 ndi mphambu zochepa. Katemera, masikelo a ana, mijigo, maneti a udzudzu ndi alangizi a zaumoyo oyenda pa njinga m'midzi ndiwo anachita zimenezi.

Pakati pa nkhani yabwinoyi panagwa mliri. Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndipo Chiradzulu, pokhala pakhomo pa Blantyre ndi Limbe kumene amuna ake ambiri amagwira ntchito, inali m'gulu la maboma okanthidwa koposa. Manambala a bomali amanena okha. Mu 1987 munali anthu pafupifupi 211,000, ndipo patapita zaka 11 anali 236,000 okha, pamene imfa ndi kusamuka zinkadya zimene kubereka kunkawonjezera. Matendawa anatola a pakati, a zaka zobereka ndi zolima, nasiya agogo ndi tiana. Odwalira m'tauni ankabwera nawo kumudzi kwa amayi awo kudzafera, motero mudzi unkaika ngakhale anthu amene sunawadye thukuta lawo. Adzukulu okumba manda ankachoka pa maliro ena kupita pa ena osapuma, ndipo miyambo ya kugona pa siwa masiku angapo inafupikitsidwa chifukwa anthu sakanalimanso. Mu 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV pa chipatala cha boma cha Chiradzulu, malo oyamba akumudzi m'dziko muno kulandira mankhwalawa mwaulere, ndipo mu 2004 boma linayamba kuwapereka m'dziko lonse. Anthu amene abale anali atawalira kale anadzuka nagwiranso khasu. Mu 2008 bomali linali ndi anthu pafupifupi 289,000, ndipo mu 2018 anali 356,875.

Nambala yomalizayi ikutanthauza anthu oposa 460 pa sikweya kilomita imodzi, pamene dziko lonse chaka chomwecho linali ndi 186. Tiyerekeze mayi amene analandira munda wokwanira banja lake m'zaka za m'ma 1950. Anali ndi ana aakazi atatu amene anakula, aliyense nadulirwa gawo lake. Atatuwo anabereka ana aakazi awiriawiri kapena atatuatatu. Lero munda umodzi uja uli ndi eni ake asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, ndipo pa gawo lililonse pachoka malo a nyumba, khitchini ndi chimbudzi. Nthaka sigoneranso. M'mzere umodzi mumalowa chimanga, nandolo, nyemba ndi maungu, m'malire chinangwa, kudimba tomato ndi kabichi wopita ku Mbulumbuzi ndi ku Thondwe. Ena amasunga ng'ombe imodzi ya mkaka m'khola, kuimwetera udzu m'mbali mwa msewu chifukwa kodyetsa kulibe. Nkhalango imene yatsala ndi ya kumanda yokha. Anyamata ali pa kabaza, pa geni ku Limbe, kapena ku Joni kumene amatumiza ndalama pa foni.

Amayi a lero aona zonsezi ndi maso awo. Mu 1992 mayi wa m'Malawi ankabereka ana pafupifupi 6.7 pa moyo wake. Pofika 2015 ndi 2016 anali 4.4. Pa tsiku la sikelo, mzere wa jakisoni wolera umatalika ngati wa katemera. Komabe theka la anthu a dziko lino sanakwanitse zaka 18, ndipo atsikana amene adzafune munda zaka khumi zikubwerazi anabadwa kale, ali m'makalasi a pulayimale odzaza mpaka pakhomo chiyambire maphunziro aulere mu 1994.

Cholembera chija nacho chinatembenuka. Chiyambire makuponi a feteleza wotsika mtengo mu 2005, ndiponso ndalama za Mtukula Pakhomo, dzina losalembedwa m'kaundula wa mfumu ndi njala. Zidzukulu za amuna amene ankathawira kuthengo poona amithenga zimakhala padzuwa tsiku lonse kudikira kuti dzina liitanidwe. Midzi yambiri yagawikana, limana lililonse kufuna nyakwawa yakeyake ndi buku lakelake, poganiza kuti mudzi waung'ono sungaiwalike pogawa. Mu September 2018 owerenga anthu anayenda khomo ndi khomo atanyamula matabuleti, ndipo limodzi mwa mafunso awo linali la mtundu. Pafupifupi anthu 19 pa 100 alionse m'dziko muno anayankha kuti ndi Alomwe, mtundu wachiwiri kukula pambuyo pa Achewa, ndipo ambiri anayankha funsolo m'Chichewa. Chaka ndi chaka mu October amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kuvina tchopa ndi kudya kalongonda poyera, zinthu zimene agogo awo ankachita mobisa. Amang'anja, amene Livingstone anawapeza ali eni dziko lonseli, ndi atatu okha pa 100 alionse, ndipo ambiri ali kuchigwa kumene makolo awo anathawira.

Pa bwalo paja, mfumu ikamva mbali zonse ziwiri imanyamuka ndi nduna zake kupita kumunda komweko, anthu akutsata pambuyo. Imaitana gogo wamkulu wa mbumbayo, amene mwina maso anachita kale khungu, kuti anene pamene amayi ake ankalekezera kulima. Gogoyo amafunsa ngati mtengo wa mango uja ulipobe, ndipo akamuuza kuti unadulidwa nkuwotchera njerwa, amafunsa za chulu. Akachipeza chulucho, nduna imayesa mapazi kuchokera pamenepo, nkuzika zikhomo za nkhadze m'malire atsopano. Amayi awiri aja amabwerera kumudzi njira imodzi, wina patsogolo wina pambuyo, chifukwa nyumba zawo zinayang'anizana makomo.